Ma ski atsopano pa ulendo wa ku Chamonix: kuwanyamula osawakala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ku England. Akuti kwa zaka zitatu wakhala akubwereka ma ski (timatabwa titalitali tovala kumapazi potsetsereka pa sinowo) akafika kumapiri, koma chaka chino wadzimana mpaka wagula akeake. Mu Febuluwale akwera ndege kupita ku Geneva ku Switzerland, kenako minibasi mpaka ku Chamonix, tauni ya m'mapiri a Alps ku France. Funso lake ndi ili: "Ndiwanyamule bwanji kuti akafike osakalika? Ndimaona mmene amaponyera katundu pabwalo la ndege, ndiye mtima sukukhala m'malo."

Achemwali, nkhawa yanuyo ndikuyimvetsa. Chinthu chimene wagula ndi thukuta la mashifiti a usiku umachiyang'ana ndi diso lina. Koma ndiyambe ndi kukuuzani kuti amene amakala ma ski kwambiri pa ulendo si anyamata onyamula katundu aja ayi. Ma ski amakalana okhaokha.

Tengani ski imodzi muyitembenuze. Pansi pake pali pulasitiki yoterera imene amaitcha P-Tex, ndipo m'mbali monse mwadutsa kachitsulo kakuthwa kamene kamaluma sinowo wolimba mukamakhota. Pa ski yatsopano kachitsuloko kamatha kukuchekani chala. Ndiye muli ndi mipeni inayi yaitali pafupifupi msinkhu wanu, yogona pafupi ndi pulasitiki yofewa. Mukaiika m'chikwama mosamanga bwino, imagwedezeka pa lamba wa katundu, m'ngolo, m'mimba mwa ndege, m'minibasi, ndipo pang'ono ndi pang'ono ma ski aja amatseguka ngati sizasi, chitsulo cha iyi n'kumadya pansi pa inzake.

Ine zinandichitikira ndi ma ski anga oyamba. Ndinangokolanitsa mabuleki ake (timikono toimitsa ski ikavuka kuphazi), monga timachitira poyenda kuchoka pa hotela kupita pa lifiti yokweza anthu kuphiri, n'kuwalowetsa m'kachikwama kopyapyala. Nditafika ndinapeza mzere wautali ngati mkono wanga pansi pa ski yakumanzere, tizingwe ta pulasitiki tili lendelende m'mbali mwake. Ndinayang'ana chikwama chija mbali zonse, panalibe pong'ambika ngakhale pamodzi. Apo m'pamene ndinadziwira kuti chovulaza chinali m'kati momwemo.

Choncho ntchito yaikulu ndi yomanga. Gonekani ma ski pansi ndi pansi, mbali zoterera zitayang'anana. Gulani timalamba ta Velcro tija tokhala ndi kasiponji pakati. Kasiponjiko kamalowa pakati pa ma ski awiriwo kuti asakhudzane, lamba n'kuzungulira kunja. Timalambati ndi totchipa, ndipo sitolo iliyonse ya ma ski imakhala nato. Kamodzi kakhale kutsogolo pamene ski imayamba kupindikira m'mwamba, kena kumchira. Anthu ambiri amaika kamodzi kokha pakati, koma kamodziko ndi kamene kamasanduka msomali wa sizasi ija. Ine pa ndege ndimaika titatu. Mukamaliza, gwirani nsonga ziwirizo muyese kuzipotoza, ina uku ina uku. Zikasuntha, masulani mumangenso. Timalamba tikasowa, dulani katoni muike pakati, kunja mukulunge ndi mphira wa chubu chakale cha njinga, monga mmene timamangira thumba la chimanga pa kaliyala. Umagwira kuposa zambiri zogula.

Musanamange, apakitseni phula. Uzani a ku sitolo kuti asungunulire phula lochindikala pansi pake koma asalipale. Limakhala ngati khungu lowonjezera, limaphimbanso tizitsulo tija kuti chinyezi chisatifikire. Mukafika ku Chamonix mudzalipala ndi kachopalira ka pulasitiki, kapena kusiyira a pa sitolo ya kumeneko, ndipo ma ski adzakhala okonzeka kale.

Tsopano ma binding, zitsulo zogwira nsapato zija. Izi ndi zimene zimatumphuka, ndiye chikwama chikagwa ndi zimene zimayamba kulandira nkhonya. Mabuleki ake ali ndi timikono tiwiri tachitsulo timene timakonda kuboola chikwama kapena kupindika. Akokereni m'mwamba muwagwiritse ndi mphira wolimba, kenako kulungani malo onsewo ndi thaulo kapena chitenje chopinda kangapo. Chitenje ndimachikonda chifukwa chimamangika bwino, sichilemera, ndipo chilibe zipi. Zipi ndi mabatani achitsulo a majekete zimakala pamwamba pa ski, choncho ngati mukufuna kugwiritsa ntchito jekete ngati chotetezera, litembenuzeni kaye zipi ikhale m'kati. Kunsonga ndi kumchira valikani masokosi okhuthala, kapena siponji yozungulira ija imene a pulambala amakutira mapaipi a madzi. Yang'ambidwa kale motalika, imangovala m'mbali mwa ski ngati anaipangira zomwezo.

Ndodo musaziiwale. Nsonga yake ndi chitsulo cholimba kwambiri, ndipo ikangosiyidwa yokha m'chikwama imalemba pamwamba pa ski ngati msomali pa galimoto. Ibayeni m'chitsekero cha botolo la vinyo, kapena ikulungeni ndi katoni ndi tepi, ndodozo muzimange pazokha.

Za chikwama sindichulukitsa. Gulani chokhala ndi siponji kuchokera kumutu mpaka kumchira, chotalika molingana ndi ma ski anu, chokhala ndi malamba omangira m'kati. Chikatalika kwambiri pindani chotsalacho mumange, chifukwa mpata ndi umene umalola katundu kuyendayenda. Pali mabokosi olimba a pulasitiki, monga a Sportube, amene amateteza kuposa chikwama chilichonse, koma amalemera ndipo amavuta posunga m'nyumba zathu zazing'ono za kuno. Kwa munthu woyenda kamodzi pachaka, chikwama chabwino ndi kumanga kwabwino n'zokwanira.

Musanalongedze, werengani malamulo a kampani ya ndege imene mwagulako tikiti. Ambiri malire awo ndi makilogalamu 20 kapena 23, ndipo ena, monga British Airways, amaikanso malire a kutalika, masentimita 190. Kulipiriratu pa intaneti kumatchipa kusiyana ndi kulipira pa kauntala. Nsapato za ski, ngati zikukwana, ndimalowa nazo m'ndege ndekha. Ma ski akachedwa mutha kubwereka ena tsiku limodzi kapena awiri, koma nsapato zimene zazolowera phazi lanu simungazipeze kwina.

Jambulani ma ski ndi foni musanatseke chikwama, pansi ndi pamwamba pomwe. Ku Geneva ma ski satulukira pa lamba wa masutikesi, ali ndi malo awoawo a katundu wamkulu. Mukawatenga, tsegulani pompo muone. Ngati china chathyoka kapena kupindika, pitani ku desiki ya katundu mulembetse lipoti musanatuluke. Pangano la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a ndege a pakati pa mayiko, limapereka masiku 7 oti mudandaule molemba katundu akawonongeka, koma dandaulo lolembedwa pabwalo pomwepo limamveka msanga. Dziwaninso kuti pa timikalo tating'ono ta pamwamba makampani a ndege kawirikawiri salipira.

Pali mdani wina amene simunamutchule, ndipo ine ndimamuopa kuposa mikalo: dzimbiri. Misewu ya ku Alps nthawi yozizira amaithira mchere kuti isaterere. Madzi amchere amene matayala amawaza amafika mpaka padenga la galimoto ndi pa ngolo yokokedwa kumbuyo. Ulendo wa ku Chamonix ndi wopitirira pang'ono ola limodzi, koma ma ski osaphimba atha kufika tizitsulo tawo titayamba kale kufiira, mchere utalowanso m'ma binding momwe simungathe kupukuta. Asatuluke m'chikwama mpaka mutafika. Ndipo dalaivala akamapakira, imani pomwepo mumupemphe mwaulemu kuti chikwama chanu chikhale pamwamba, masutikesi olemera pansi. Ambiri savuta.

Chimodzi ndikuuziretu kuti chisadzakupwetekeni mtima. Pamwamba pa ski, pamene pali utoto wokongola paja, padzakalika ndithu sabata yoyamba yomweyo. Pa mzere wa lifiti anthu amapondana, ndipo inunso mukamakhota ski ina imagunda inzake. Mikalo imeneyo siisintha mayendedwe a ski ngakhale pang'ono. Zofunika kuzilondera ndi pansi ndi m'mbali. Mkalo wosaya wa pansi amautseka ndi kandulo ya P-Tex, kuisungunulira pabalapo n'kupala. Koma mukaona kuti bala lazama mpaka mukuona zam'kati mwa ski, musaseweretsenso pa sinowo, chifukwa madzi akalowa m'menemo ski imayamba kumatuka. Pitani nayo kwa okonza madzulo omwewo. Ku Chamonix masitolo otere ali ponseponse, ndipo ambiri amakonza usiku inu n'kudzatenga m'mawa.

Ulendo wobwerera ndi umene umawononga ma ski ambiri, chifukwa munthu amakhala atatopa, minibasi ikudikira panja. Tsiku lomaliza lekani kusewera ola limodzi nthawi isanakwane. Gwedezani sinowo yense wobisala m'ma binding, pukutani tizitsulo ndi nsalu youma, muwaimike pamalo ofunda mpaka aume, kenako mangani monga munamangira pobwera. Mukafika ku Leeds tsegulani zipi usiku womwewo, muwatulutse apitidwe mphepo, ndipo chikwamacho muchiyanike pachokha.