Kompyuta ikagona siidzuka

Funso: Akonzi, kompyuta yanga ya patebulo ndi yakale. Ikagona, fani imazungulira koma sikilini imangoti bii. Nditani? Bambo wa ku Nchalo

Yankho: Bambo, zulani pulagi, kanikizani batani loyatsira masekondi 15. Tsegulani bokosi, chotsani RAM (kathabwa kakatali kokumbukira zimene kompyuta ikuchita), pukutani mano ake agolidewo ndi labala yofufutira pensulo, muibwezeretse mpaka igwire bwino. Kompyuta ikagona imasunga zonse zimene munatsegula mu RAM, ndiye fumbi la kuchigwa kuno likalowa pamenepo, kudzuka kumakanika. Kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka m'bokosimo (CR2032) kakatsika mphamvu pansi pa mavoti atatu (3V), sinthani. Mu Windows zimitsani Hybrid sleep (kagonedwe kosunga ntchito mu RAM ndi pa disiki pomwe).

Zikapitirira, ife timakayikira power supply (kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta), poti kutentha kwa mu Okutobala kumafufumitsa ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi ta m'kati mwake. Chonde musatsegule power supply, magetsi ake amagwira munthu ngakhale mutazula pulagi. Gulani power supply ina.