Yankho kwa mayi a ku Ntcheu pa funso la zilembo za Braille

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene mwana wanu, yemwe amawerenga bwino Braille (zilembo za timadontho totukuka zimene anthu osaona amawerenga ndi zala), akulepherera kumva buku la Chijeremani limene linabwera limodzi ndi mabuku a mphatso, ngakhale kuti timadontho take akutizindikira ndi zala. Vuto si mwanayo. Kabokosi kalikonse ka Braille kali ndi malo a timadontho 6, malo 1, 2 ndi 3 kumanzere, 4, 5 ndi 6 kumanja, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63 zokha. Njira zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi zilembo za zinenero zonse, choncho chinenero chilichonse chimagawa tanthauzo mwa njira yakeyake.

Louis Braille anafalitsa kalembedwe kameneka ku France mu 1829, ndipo zilembo zoyambirira, monga a, b ndi c, zimafanana m'zinenero zambiri zolembedwa ndi zilembo za Chilatini. Kusiyana kumabuka pa zizindikiro zotsalazo. Timadontho 1 ndi 6 tikakhala pamodzi timaimira "ch" m'Braille yachidule ya Chingerezi, koma m'Chifalansa timaimira "â", pamene m'Chijeremani timaimira "au". Mjeremani akafuna kulemba "ch" amagwiritsa ntchito timadontho 1, 4, 5 ndi 6, timene mwana wanu anaphunzira m'Chingerezi kuti ndi "th". Ngakhale kadontho 1, kamene ndi "a", kamasanduka nambala 1 chizindikiro cha manambala chikakhala kutsogolo kwake.

Ndikukupemphani kuti musamukakamize kuwerenga bukulo, chifukwa lingamusokoneze pa zimene wagwira kale. Lipititseni kwa aphunzitsi ake kuti aone chinenero cha buku lililonse asanalipereke kwa ana.