Bwanji mu bodi ya bungwe lofufuza za ubongo mwadzaza amabanki ndi maloya?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina amene bambo ake anawapeza ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi. Ndaifupikitsa, koma funso lawo nali: "Ndakhala ndikuwerenga za mabungwe ofufuza matenda a ubongo, ndikufuna ndidziwe amene ndingawakhulupirire, mwinanso ndiziponyako kangachepe. Nditatsegula tsamba la anthu a mu bodi ya bungwe lina ndinadabwa, ambiri ndi amabanki, maloya, eni makampani. Asayansi ndi owerengeka. Kodi ndi mmene zimakhalira, kapena ndi bizinesi chabe yobisala kuseri kwa sayansi?"

Mayi, pepani kaye ndi matenda a bambo, kusamalira munthu wa Parkinson si ntchito yamasewera ayi. Pa funso lanulo, eya ndi mmene zimakhalira m'mabungwe ambiri, ndipo pachokha si chizindikiro chakuti pali chinyengo. Koma kukayikira kwanuko musakutaye, mungokulozetsa pamalo oyenera.

Tiyambe ndi ntchito ya bodi, chifukwa ambiri timaganiza kuti amenewa ndi amene amakhala mu labu atavala makhoti oyera. Ayi. Bodi imalemba ntchito mkulu wa bungwe ndipo ndi yomweyo imamuchotsa zikavuta, imavomereza bajeti, imaonetsetsa kuti mabuku a ndalama akuunikidwa ndi anthu akunja, imasamala za malamulo, ndipo chachikulu kwambiri imasaka ndalama. Kafukufuku wa ubongo amadya ndalama moopsa komanso amachedwa, mankhwala amodzi okha kuti achoke mu labu mpaka akafike kwa wodwala zimatha kutenga zaka khumi kapena kupitirira, ndipo ambiri amafera panjira, nde nthawi yonseyo anthu akufuna malipiro, makina ojambulira ubongo akufuna kukonzedwa, mbewa zoyesera zikufuna osamalira. Munthu amene wakhala zaka 30 akuyang'ana minyewa pa maikulosikopu kawirikawiri sadziwa kasungidwe ka chuma choti chikhalepobe zaka 20 zikubwerazo, ndipo palibe chomuchititsa manyazi pamenepo, si ntchito yake. Funso lakuti ndi kafukufuku uti apatsidwe ndalama nthawi zambiri limayankhidwa ndi gulu lina lapadera la alangizi a sayansi, limene limakhala la maprofesa ndi madokotala okhaokha. Nde mukatsegula webusaiti musathere pa tsamba la bodi, sakani tsamba la alangiziwo. Likasowa, apo nde muyambe kudandaula.

Komanso mabungwewa sali a mtundu umodzi. Pali ena amene ndi a asayansi eni ake, ngati Society for Neuroscience ya ku America imene inayamba mu 1969, kumeneko mamembala amavotera atsogoleri awo ndipo osankhidwawo ndi ofufuza anzawo. Koma mabungwe opereka ndalama kapena oyambitsidwa ndi munthu wachuma amaoneka mosiyana, ndipo mbiri ya oyambitsa ndi imene imakuuzani chifukwa chake bodi ili mmene iliri.

Taonani Allen Institute for Brain Science ya ku Seattle. Anaiyambitsa mu 2003 ndi Paul Allen, uja anayambitsa Microsoft limodzi ndi Bill Gates, pamodzi ndi mchemwali wake Jody Allen, ndipo anayamba ndi madola 100 miliyoni. Paul anali munthu wa makompyuta, sanali dokotala. Koma maganizo ake a munthu wa makompyuta ndi amene anabweretsa chinthu chimene mayunivesite ambiri sakanachita: anthu ambirimbiri kugwira ntchito imodzi yaikulu mwandondomeko ngati fakitale, kenako zotsatira zake kuziika pa intaneti kwaulere. Pofika 2006 anali atamaliza mapu oonetsa pamene majini masauzande ambiri amagwira ntchito mu ubongo wa mbewa, ndipo mpaka lero ofufuza dziko lonse amawagwiritsa ntchito. Simons Foundation, imene imathira ndalama zambiri pa kafukufuku wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kalankhulidwe ndi kachezedwe ka munthu), inayambitsidwa mu 1994 ndi Jim Simons, katswiri wa masamu amene analemera ndi kampani yogula ndi kugulitsa masheya, ndi mkazi wake Marilyn amene anaphunzira za chuma. Ku Dana Foundation, bungwe la ku America lothandiza za ubongo, wapampando kwa zaka zingapo mpaka imfa yake mu 2009 anali William Safire, wolemba nkhani mu New York Times amenenso kale ankalembera malankhulidwe pulezidenti Nixon, ndipo bungwe limeneli ndi limene linayambitsa sabata yophunzitsa anthu za ubongo imene inayamba mu 1996 ndipo imachitika mwezi wa Malichi. Munthu wa mawu anakankhira bungwe ku ntchito yolankhula ndi anthu wamba komanso yofunsa zoyenera ndi zosayenera pa kafukufuku wa ubongo. Mukuona eti, mbiri ya amene wakhala pampando imakoka bungwe kupita kwinakwake, sizichitika mwangozi.

Koma ndikhalitse pa bungwe limene likukukhudzani kwambiri inuyo, Michael J. Fox Foundation. Fox ndi wochita mafilimu, anamupeza ndi Parkinson mu 1991 ali ndi zaka 29 zokha, anaulula poyera mu 1998, kenako mu 2000 anayambitsa bungweli. Amene anayamba naye, Deborah Brooks, anachokera ku banki ya Goldman Sachs. Nde taganizani, wamafilimu ndi wakubanki akuyambitsa bungwe la sayansi ya ubongo, mukanaona tsamba lawo chaka chimenecho mwina mukanandilembera imelo yomweyi. Koma chimene anachita n'chakuti analemba ntchito asayansi a PhD mkati mwa bungwe momwemo kuti ndi amene aziunika mapulojekiti, mmodzi mwa iwo Todd Sherer mpaka anadzakhala mkulu wa bungwe kwa zaka pafupifupi khumi, anakhazikitsanso gulu la odwala eni ake loti lizilangiza, ndipo anasankha dala kusaunjika chuma chosungira mtsogolo, ndalama ikabwera ipite msanga ku kafukufuku chifukwa odwala alibe nthawi yodikira. Mu 2010 anayambitsa kafukufuku wamkulu wotchedwa PPMI wotsatira odwala ndi osadwala kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 zinatuluka zotsatira pa anthu opitirira 1,100 zoonetsa kuti poyeza madzi a mu msana n'zotheka kupeza puloteni yopindika molakwika yotchedwa alpha-synuclein, nthawi zina munthu asanayambe n'komwe kunjenjemera. Awa si mankhwala ochiza, ndisakunamizeni, bambo sachira nazo mawa. Koma kwa matenda amene kwa zaka zambirimbiri ankadziwika pongoona mmene munthu akuyendera ndi kugwedezekera, ndi sitepe yaikulu ndithu. Ineyo ndimaona kuti changu cha bungwe limeneli chinachokera kwa anthu amene sanakulire m'mayunivesite, ndipo kulondola kwa ntchito yake kunachokera kwa asayansi amene anapatsidwa mphamvu zenizeni zokana pulojekiti yosamveka.

Tsopano mbali imene mantha anu ali ndi maziko.

Bodi ikhoza kudzaza mayina akuluakulu amene ntchito yawo ndi kukongoletsa tsamba basi. Chitsanzo chodziwika si cha ubongo koma phunziro lake ndi lomwelo: kampani ya Theranos imene inkanena kuti ili ndi makina oyeza matenda ambirimbiri ndi kadontho ka magazi. Mu bodi yake munali Henry Kissinger, George Shultz, James Mattis, anthu olemekezeka a ndale ndi usilikali, koma odziwa za kuyeza magazi mu labu amene akanati tationetsani manambala analibemo okwanira. Makinawo sankagwira ntchito monga ankanenera, ndipo mwini wake Elizabeth Holmes anapezeka wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama mu 2022, n'kugamulidwa zaka zopitirira 11. Zimandiwawa ndikaganiza kuti panali anthu enieni amene analandira zotsatira zolakwika za magazi awo pomwe akuluakulu amenewa ankakhala pa misonkhano.

Koma musaganizenso kuti kuika asayansi okhaokha pamwamba ndiye mankhwala ake. Human Brain Project ya ku Ulaya inayamba mu 2013 ndi lonjezo la ndalama zokwana pafupifupi ma euro biliyoni imodzi, cholinga chachikulu chikhale kupanga chifanizo cha ubongo wa munthu mu kompyuta. Pamwamba panali komiti ya asayansi atatu, wotsogolera Henry Markram, onse akatswiri osakayikitsa. Chaka chimodzi chokha chitadutsa, mu 2014, asayansi mazanamazana anasainira kalata yapoyera yodandaula za kayendetsedwe kake, makamaka pamene nthambi ya kafukufuku wa kaganizidwe inakankhidwira kunja. Amene anaitanidwa kudzayanjanitsa anapeza kuti mphamvu zinaunjikana pa anthu ochepa, ndipo anthu omwewo ogamula za ndalama analinso olandira ndalamazo. Mu 2015 komiti ya atatuyo inathetsedwa, pulojekiti inasinthidwa kwambiri mpaka kutha kwake mu 2023. Apa vuto silinali kusowa kwa madigiri, anali ochuluka zedi, vuto linali loti panalibe woima pambali woti anene kuti bwana apa ayi.

Ndiye pali nkhani ya makampani a mankhwala, imene ndi yovuta chifukwa ilibe yankho losavuta. Munthu amene anagwirapo ntchito ku kampani ya mankhwala amadziwa mmene mayeso a pa anthu amayendera komanso zimene aboma amafuna asanavomereze mankhwala, nzeru imeneyi bungwe limaifuna kwambiri. Koma akhozanso kukhala ndi masheya m'kampani imene ipindule ndi chigamulo cha bodi. Mu 2021 FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ku America, litavomereza mankhwala a Alzheimer (matenda a ubongo oiwalitsa) otchedwa aducanumab, pomwe komiti yake ya alangizi inali itakana, alangizi atatu anatula pansi maudindo. Mtengo wake unayamba pa madola 56,000 pachaka. Alzheimer's Association, bungwe loimira odwala matendawa, inali italimbikitsa kuti avomerezedwe, ndipo anthu anafunsa mafunso chifukwa bungweli limalandiranso thandizo kuchokera ku makampani a mankhwala kuphatikizapo Biogen, imene inapanga mankhwalawo. Sindikunena kuti anagulidwa, mabanja ambiri odwazika ankawafunadi mankhwalawo ndi mtima wonse, koma mukuona mmene chikhulupiriro chimagwedezekera ubale wa ndalama ukakhalapo. Biogen inasiya mankhwalawo mu 2024.

Nde mukabwerera pa tsamba lija, werengani mbiri ya munthu aliyense pang'onopang'ono, osangoona udindo wake. Nthawi zambiri mupeza kachiganizo kamodzi kumapeto konena kuti mkazi wake, mwana wake kapena iye mwini akudwala matendawo, ndipo loya wotereyo sanabwere kudzakongoletsa tsamba, ali ngati inu nomwe. Onani ngati mulimo asayansi kapena madokotala angapo amene sali pa malipiro a bungwelo, chifukwa wolipidwa ndi bwana zimamuvuta kutsutsa bwana. Onani ngati mulimo wodwala kapena wosamalira wodwala, ine ichi ndimachiona chofunika kwambiri, chifukwa ndi amene amakumbutsa anzake kuti kudzimbidwa, kusagona, kugwa m'bafa ndi kukhumudwa zimazunza munthu wa Parkinson mwina kuposa kunjenjemera kumene aliyense amaona. Onaninso ngati anthu a mu bodi ndi apachibale kapena ochokera kampani imodzi onse, ndi zaka zimene akhala pampando. M'mabungwe oyambitsidwa ndi banja achibale amakhalamo ndithu, si mlandu, bola pakhale ena ochokera kunja.

Ngati bungwelo lili ku America, mabungwe ambiri osapanga phindu amapereka chaka ndi chaka fomu yotchedwa Form 990 imene aliyense angawerenge, mungaipeze kwaulere pa tsamba la ProPublica. Mmenemo muli mayina a anthu a mu bodi, malipiro a akuluakulu, ndalama zopita ku ntchito yeniyeni ndi zopita ku ofesi, komanso amafunsidwa ngati ali ndi lamulo loti membala aziulula pamene chigamulo chikukhudza thumba lake. Ku England ndi Wales zoterezi zimapezeka kwa Charity Commission. Mupeza kuti m'mabungwe ambiri achifundo anthu a mu bodi salandira malipiro, ambiri mwa iwo ndi amene amaperekanso ndalama.

Mukhozanso kungowalembera imelo ngati mmene mwandilembera ine, muwafunse kuti amene amasankha kafukufuku wolandira ndalama ndi ndani, komanso membala wa bodi akakhala ndi masheya m'kampani imene ikukambidwa amatuluka m'chipinda kapena amavota nawo. Bungwe loyenda bwino mayankho amenewa limakhala nawo kale olembedwa ndipo silichedwa kukutumizirani. Mukandiuza dzina la bungwe limene munaliona lija tikhoza kuwerengera limodzi tsamba lawo ndi fomu yawo. Muwapatse moni bambo.