Nkhumba ya msuzi wa mtedza ngati ya ku Angola: mwalakwitsa pati?

Mayi wina wandilembera imelo kuti anadyapo nkhumba ya msuzi wa mtedza kwa mnzawo wa ku Luanda. Atayesa kuphika okha, msuzi unatuluka wotuwa, wokoma ngati masamba otendera, komanso unapserera pansi pa poto. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Mayi, ndikukhulupirira kuti munathira nsinjiro. Nsinjiro zathu timasinja mtedza wauwisi, ndipo n'zabwino mu nkhwani kapena chisoso. Ku Angola msuzi umenewu, womwe amautcha moamba de ginguba, amaupanga ndi mtedza wokazinga, wopera mpaka utatulutsa mafuta. Kwathu kuno chimenecho ndi chiponde. Kukazingako ndi kumene kumabweretsa fungo ndi mtundu wofiirira umene mukuufunawo. Chiponde cham'sitolo chimatheka, koma chambiri chimakhala ndi shuga, ndipo shuga mu nkhumba iyi sakoma ayi. Kazingani mtedza wanu pamoto wochepa, muupukuse makoko, muusinje mumtondo mpaka unyowe. Posankha, tayani njere zonse zachuku ndi zonyala, chifukwa zimakhala ndi poizoni amene moto sumupha.

Nyama nayo imafuna kuikonzeratu. Angola analamulidwa ndi Apwitikizi mpaka 1975, ndipo chizolowezi chonyika nyama mu adyo, mandimu, mchere ndi tsamba lonunkhiritsa chakudya la louro (pa Chingerezi bay leaf) chinakhazikika m'makhitchini a kumeneko. Pa kilogalamu imodzi, sinjani timagawo tisanu ta adyo, finyirani ndimu imodzi, musiye kwa ola lathunthu. Sankhani nyama ya paphewa kapena nthiti, ndipo mafuta ochuluka muwachotse, pakuti mtedza ubwera ndi akeake. Ikazingeni pang'onopang'ono m'magawo kuti ifiire bwino. Mukaunjika yonse m'poto imangotulutsa madzi n'kuyamba kuwira. Kenako anyezi awiri, tomato atatu, ndi tsabola wowawa. Ku Angola amathira tsabola wotchedwa jindungo, inu kambuzi akukwanirani. Thirani madzi, vundikirani, iwire mpaka itafewa ndi kupsa mpaka m'kati. Nkhumba siidyedwa yofiira.

Tsono za kupserera kuja. Chiponde chimalowa kumapeto, nyama itafewa kale. Tapani msuzi wotentha m'kapu, musungunuliremo masupuni anayi kapena asanu a chiponde mpaka zisalale, kenako mubwezere m'poto. Phulani makala ena pambaula, moto ukhale wofatsa, ndipo muzitakasa ndi mthiko mofika pansi penipeni kwa mphindi ngati 15. Musachokepo apa. Mukaona timadontho ta mafuta tayandama pamwamba ndipo msuzi ukumatirira kumthiko, ndiye kuti wapsa. Ukalimba kwambiri, onjezerani madzi otentha, osati ozizira.

Moamba yotchuka kwambiri ku Angola ndi ya nkhuku, yophikidwa ndi mafuta ofiira amene kwathu kuno timati mawese, pamodzi ndi therere lobala ndi dzungu. Ngati muli ndi mawese a ku Karonga, supuni imodzi ipereka mtundu ndi fungo la kumeneko. Ine pa nkhumba sindipyola pamenepo, chifukwa mafuta a nyama, a mtedza ndi a mawese akakumana mochuluka, mbale imakola msanga. Therere ndiye ndimalikonda, lathunthu, lothira mphindi 10 zomaliza kuti lisatelereke.

Chodyera chake ndi funge, nsima ya ku Angola. Kumpoto kwa Angola ndi ku Luanda amakonda ya ufa wa chinangwa chonyika n'kuyanika, wotchedwa fuba de bombó, ndipo anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akaiona angoti kondowole. Kum'mwera amadya kwambiri ya chimanga. Ngati ufa wa kondowole ukupezeka kwanuko, yambani ndi umenewo, chifukwa kawawasa kake kamachepetsa kulemera kwa msuziwu kuposa nsima ya ufa woyera.