Za chomanga kumutu ku ukwati wa Chiyoruba uja

Anti, ndamva funso lanu lija, loti ku ukwati wa mnzanu wa ku Nigeria uja mungangomanga duku la chitenje basi. Aaa ayi Anti, musayerekeze, mukaonekera patali kuti mwangobwera.

Chimene azimayi a Chiyoruba amamanga pa zikondwerero chija amati gele, ndipo nkhani yonse yagona pa nsalu. Imafunika yolimba, yoti mukaipinda iime yokha chilili. Chitenje n'chofewa, chimangogwa. Yeniyeni ndi aso oke, yoluka pamanja, imatuluka timizere topyapyala kenako amatilumikiza ndi ulusi. Tauni ya Iseyin ku Oyo State ndiyo yotchuka ndi ntchito imeneyi. Mitundu yakale ilipo itatu: etu ya buluu woderako, sanyan yotuwa ngati khaki, ndi alaari yofiira kuti psuu. Masiku ano ena amamanga ya damask kapena sego, zonyezimira zija.

Ndiye kumanga kwake, eee! Inu mumakhala pampando, womangayo waima kumbuyo kwanu. Amakuuzani kuti mugwire nsalu pachipumi ndi zala, iye n'kumapinda kamzere kamodzikamodzi, kusanja bwinobwino, kukoka mpaka nsidze kukwera m'mwamba. Akamanga mfundo kumbuyo amatambasula yotsalayo kuti iyanzike pamwamba. Ena amakonda yooneka ngati duwa pambali, koma kwa ine yoyanzika ija ndiye imakhala bwino pa munthu wamkulu ngati inu. Panado akhale m'chikwama, mutu umagunda ndithu.

Koma musanagule chilichonse, funsani mkwatibwi ngati pali aso ebi. Banja limasankha nsalu ndi mtundu wake, alendo n'kugula yomweyo, monga timachitira ife ndi yunifomu ya paukwati. Mukafika ndi yanuyanu pomwe anzanu onse avala yagolide, manyazi ake.

Mukaona kuti womanga sapezeka, pali ina amati auto gele. Imabwera yomangiratu, mumangoivala n'kumata kumbuyo, mphindi imodzi mwatha. Ikakhala yosokedwa bwino, pa chithunzi palibe angadziwe.

Za buba (bulauzi), iro (nsalu yomanga m'chiuno) ndi ipele (nsalu ya paphewa) musavutike nazo ngati sanakuuzeni, diresi yosokedwa ndi nsalu yomweyo ikwana. Mufunseni mkwatibwiyo lero lomwe, telala asadzakuthamangitseni, ndipo akakutumizirani chithunzi cha nsaluyo muponye pagulu pano tione.