Kodi Mbawa, Mlombwa ndi Phingo Zingandipatse Phindu Popanga Magitala?

Funso: "Ndine kalipentala wa ku Zomba ndipo ndakhala ndikupanga zitseko ndi mipando kwa zaka 11. Ndimayimbanso gitala kutchalitchi, ndipo chaka chatha ndinakonza magitala awiri a kwaya amene anathyoka khosi. Ndaona pa intaneti kuti akunja amagula matabwa a phingo, mbawa ndi mlombwa pamtengo wokwera popangira zida zoimbira. Ndasunga K2,000,000 ndipo ndikufuna kubwereka K3,000,000 kuti ndigule makina a injini ochekera mitengo komanso zipika kwa anyamata ena a ku Machinga. Matabwa ena ndizipangira magitala, ena ndizigulitsa kunja. Kodi ndiyambe?"

Yankho: Bambo, maganizo anu opanga magitala ndi abwino ndipo ndikufuna kuti atheke, koma ngongoleyo musatenge, makinawo musagule, ndipo zipika za anyamatawo muyambe mwazisiya. Mu bizinesi imeneyi ndalama sizili m'chipika ayi. Zili m'kachekedwe, m'kaumitsidwe ndi m'zikalata zosonyeza kumene mtengo wachokera, ndipo zitatu zonsezi zimafuna nthawi, imene ngongole singakupatseni.

Mwalasa ndithu pa mitengo imene mwasankha. Mbawa yathu ndi ya mtundu umodzi ndi mitengo ya kumadzulo kwa Africa imene makampani akuluakulu akhala akupangira makosi, misana ndi m'mbali mwa magitala kwa zaka zambiri. Mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amautcha mukwa, umadziwika kuti ukauma sukhwinyata kwambiri ndipo supindika wamba, khalidwe limene wopanga zida zoimbira amalifuna koposa maonekedwe. Phingo ndiye mfumu ya yonse pa kulimba: ndi wolemera moti amamira m'madzi, ndipo ndi amene amapangira zitoliro zakuda za m'mabandi akuluakulu a ku Ulaya. Pa gitala, phingo amayenera pa kathabwa kopondapo zala ndi pa kamtanda kogwira nsambo. Komabe mtengo umenewu umatenga zaka 70 kufikira 100 kuti ukhwime, kawirikawiri umakula mokhotakhota, ndipo chipika chooneka bwino kunja chimapezeka ndi mphako kapena ming'alu m'kati. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula chipika chosacheka amalipira nyerere zomwe.

Nkhani yogulitsa kunja ndiyo yafuna kuti tiyikambe mosabisa, chifukwa zimene mwaona pa intaneti ndi mtengo wa thabwa lokhala ndi ziphaso zonse. Pali pangano la mayiko lotchedwa CITES, limene Malawi ali membala, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha. Pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, mitengo yonse ya mtundu wa phingo inaikidwa m'gulu lofuna chilolezo potuluka m'dziko, ndipo izi zinayamba kugwira ntchito mu January 2017. Mu 2019 ku Geneva, dziko lathu lomwe ndi limene linapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zilowe m'gulu lomwelo, ndipo zinatheka. Mu 2022 ku Panama anawonjezera mbawa, mlombwa ndi msambamfumu za mu Africa. Choncho mitengo yonse imene mwatchula singatuluke ngati zipika kapena matabwa popanda chiphaso, chimene kuno chimachokera ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, kuwonjezera pa zilolezo za ku Dipatimenti ya Zankhalango. Chosangalatsa kwa inu n'chakuti kuyambira mu November 2019, chida choimbira chomalizidwa kale chokhala ndi phingo sichifunanso chiphaso cha CITES. Lamulo lenilenilo likukomera munthu wogulitsa gitala kusiyana ndi wogulitsa thabwa.

Ogula akunja odalirika sachita nazo chibwana zimenezi chifukwa anaonera anzawo. Kampani yopanga magitala ya Gibson ya ku America inalandidwa matabwa ndi boma mu 2009 ndi 2011, ndipo mu 2012 inavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000 pa nkhani ya mitengo yochokera ku Madagascar. Munthu amene angakuuzeni kuti mumutumizire matabwa popanda kukufunsani zikalata ndiye woyenera kumuopa, chifukwa katundu akagwidwa pachipata, dzina lolembedwa pa katunduyo lidzakhala lanu.

Kuno kumudzi nakonso, Lamulo la Zankhalango la 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, sililola kudula, kunyamula ndi kugulitsa mitengo yachilengedwe popanda chilolezo, ndipo khoti likhoza kulanda zida ndi galimoto yomwe. Musanapereke ngakhale kwacha imodzi kwa anyamata a ku Machinga, pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu mukafunse kuti ndi ndani ali ndi chilolezo chocheka, ndiponso kuti mukagula thabwa muyenera kusunga chikalata chotani. Ndikuchenjezeninso za mkungudza wa ku Mulanje, popeza wina adzabwera kudzakunong'onezani kuti ndi wopepuka, wonunkhira ndipo ungayenere pamwamba pa gitala. Mtengo umenewu ndi chizindikiro cha dziko lathu kuyambira mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse. Thabwa latsopano la mkungudza limene mungalione pamsika kawirikawiri limakhala lakuba, ndipo ine sindingakulangizeni kumanga bizinesi pa kuba.

Tsopano tibwere pa makina, pamene ndalama zanu zikanawonongekera. Gitala imadya matabwa ochepa kwambiri, koma opyapyala ndi ochekedwa molondola. Msana umapangidwa ndi timatabwa tiwiri ta mamilimita pafupifupi 550 m'litali ndi 210 m'lifupi, tochekedwa motsatizana pa thabwa limodzi kuti tikatsegulidwa ngati buku mizere yake ifanane. Timachekedwa pa mamilimita 4 kapena 5, kenako n'kupalidwa kufikira pafupifupi 2.5. Ta m'mbali timafika pa mamilimita 2 kuti tithe kupindidwa pa chitsulo chamoto. Makina a injini amene mukufunawo amadya mamilimita pafupifupi 8 nthawi iliyonse akadutsa, kutanthauza kuti pofuna kathabwa ka mamilimita 5 mukhala mukutaya utuchi wochuluka kuposa thabwa lenilenilo. Pa thabwa lochindikala mamilimita 50, sowo ya lamba ya kushopu, imene imadya mamilimita 2 okha, ingakupatseni timatabwa 7, pamene makina a injini angakupatseni 3 kapena 4 tokhakhala tofuna kupala kwambiri. Makina a injini ndi ogwetsera ndi kuduladula. Ntchito yanu ikufuna sowo ya lamba, ndipo pachiyambi simuyenera kukhala nayo yanuyanu, chifukwa m'mashopu ena a ku Blantyre ndi Lilongwe mungathe kulipira kuti akuchekereni inu muli pomwepo.

Ndikuti muli pomwepo chifukwa ocheka athu anazolowera kusenga chipika kuyambira mbali ina kufikira inzake, njira imene imatulutsa matabwa ambiri a zitseko koma osayenera gitala. Thabwa la gitala lichekedwe kuchokera kukhungwa kulunjika pakati pa mtengo, monga mmene timagawira dzungu, kuti mukaliyang'ana kumapeto mizere ya zaka iime chilili. Thabwa lotere likamamwa kapena kutaya chinyezi limasuntha pang'ono ndipo silikhala ngati mbale. Izi n'zofunika chifukwa nsambo zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70 usana ndi usiku. Kachekedwe kameneka kali ndi mtengo wake: kuti mupeze mamilimita 210 mutachotsa mbali yoyera yakunja ndi pakati penipeni pamene pamang'aluka, chipikacho chikhale chopitirira theka la mita kukula kwake. Mbawa imafika pamenepo, mlombwa nthawi zina, phingo mwa apo ndi apo. Musataye mtima nazo, poti msana wa magawo atatu kapena anayi umalira bwinobwino ukalumikizidwa mwaluso.

Kuumitsa ndiye kumene kumapha ngongole. Amisiri amawerengera chaka chimodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwa thabwa lolimba louma ndi mphepo, ndipo phingo amachedwa kuposa pamenepo. Kumapeto kwa thabwa kumatidwe ndi phula la kandulo kapena penti tsiku lomwe lachekedwa, matabwa asanjidwe pamthunzi, pamwamba pa nthaka kuopa chiswe, ndi timitengo towalekanitsa kuti mphepo izidutsa. Opanga magitala amafuna chinyezi cha 6 kufikira 8 peresenti. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, lembani tsiku pa kathabwa kamodzi, muzikayeza pa sikelo sabata iliyonse, ndipo kulemera kukaleka kutsika kwa milungu ingapo m'chilimwe mudziwe kuti mwayandikira. Nyengo yathu nayonso muiwerengere. Gitala yomatidwa m'chinyezi cha January ku Zomba idzang'aluka m'dzuwa la October ikapita ku Salima kapena ku Chikwawa, choncho ntchito yomata bokosi muziichita kuyambira August kufikira October, ndipo miyezi ya dzinja ikhale yosema makosi ndi kukonza zida za ena.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwabwereka K3,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, chimene sichinali chachilendo pamene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024. Pa zaka ziwiri zimene matabwa anu akhale ali m'shedi osabweretsa kanthu, chiwongoladzanja chokha chikhoza kuyandikira K1,800,000, ndipo wobwereketsa adzafuna gawo lake mwezi ndi mwezi kuyambira mwezi woyamba. Ndalama zimenezo zidzachokera ku zitseko ndi mipando, ndiye kuti bizinesi imene ikudyetsa ana anu idzakhala ikusenza ina imene sinayambe n'komwe kuyenda.

Njira imene ndikuiona ndi yoyambira pamene mwaima kale. Mwakonza magitala awiri a kwaya, ndipo m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'mabandi muli enanso ambiri othyoka amene eni ake sangathe kugula atsopano, makamaka chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Kukonza kumalipira sabata yomweyo, kumakuonetsani m'kati mwa magitala opangidwa ndi akatswiri, ndipo kumakupezerani anthu amene adzagule gitala yanu yoyamba. Pa K2,000,000 yanu, gawo lina musunge osalikhudza, lina mugulire zida zoyezera molondola ndi zinthu zimene sizipangidwa kuno: nsambo, makiyi ochunira, waya wa mafureti (tizitsulo topingasa pa kathabwa kopondapo zala) ndi chitsulo cholimbitsa khosi. Pa mafureti musayerekeze ndi maso. Ngati utali wa nsambo uli mamilimita 650, fureti ya 12 ikhale pa 325, ndipo kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumamveka m'khutu la woimba aliyense, ngakhale thabwa likhale lokongola motani.

Matabwa abwino kwambiri kwa inu ndi amene anauma kalekale. Zitseko zakale za mlombwa, matebulo ndi mabedi a mbawa othyoka miyendo, mabenchi a tchalitchi chimene chikumangidwanso, zonsezi zakhala zikuuma kwa zaka makumi angapo, ndipo zimagulidwa ndi risiti yochokera kwa mwini wake, imene muyenera kuisunga pamodzi ndi chithunzi. Kathabwa kopondapo zala ndi ka mamilimita pafupifupi 500 m'litali, 70 m'lifupi ndi 8 kuchindikala, ndipo kamtanda ka nsambo ndi kakang'ono koposa, choncho zidutswa zotsala kwa amisiri a ziboliboli ndi a mipando okhala ndi zilolezo zingakukwanireni magitala angapo. Pophunzira, musayambe ndi mtengo wodula. Senderela, imene inadzalidwa m'matauni athu ambiri, ndi ya banja limodzi ndi mbawa, ndi yopepuka ndipo imasemeka bwino pa khosi. Mango nawonso amapangira zida zoimbira m'mayiko ena. Pamwamba pa gitala akunja amakonda mitengo yopepuka ya kumayiko ozizira imene kuno simera, koma mbawa yopalidwa mopyapyala imagwira ntchito imeneyo, monga mmene kampani ya ku America ya Martin yakhala ikupangira magitala a mtengo wofanana nawo thupi lonse.

Musanyozenso thabwa la mawangamawanga. Bob Taylor, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya magitala ya Taylor, atagula limodzi ndi kampani ya ku Spain fakitale yocheka mitengo yakuda ku Yaoundé m'dziko la Cameroon mu 2011, anamva kwa odula kuti ankagwetsa mitengo pafupifupi 10 kuti apeze umodzi wakuda bii, yotsalayo n'kuisiya kuti iwolere m'nkhalango. Iye anaganiza zoyamba kugula ndi yamawangayo, naiika pa magitala ake odula, ndipo ogula anaizolowera. Phingo wa mzere woyera m'mphepete kapena mlombwa wa mitundu iwiri ndi katundu wogulitsika, bola akhale wouma ndi wopanda mng'alu.

Mukapanga magitala atatu oyamba, musawagulitse msanga. Aperekeni kwa oimba a kwaya kuti awagwiritse ntchito dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi, inu muzilemba m'kope mtengo umene munagwiritsa ntchito, kumene unachokera, mwezi umene munamata, maola amene munathera ndi ndalama zonse zimene zinalowa. Kope limenelo ndi limene lidzakuuzeni mtengo wogulitsira, ndipo ndi limene mudzapite nalo ku SACCO kapena kubanki tsiku limene maoda adzachuluke moti sowo ya lamba yanuyanu ingathe kudzilipira yokha. Mukafika pamenepo mudzalembetse bizinesi kuboma ndi kutenga nambala ya msonkho ku MRA, chifukwa masukulu ndi mabungwe ogula zida zambiri nthawi imodzi amafuna zikalata zimenezo asanalipire.