Mafunso ndi Mayankho: Ulendo wa pa boti wopita ku zilumba za ku Cape Maclear

Makalata ambiri mwezi uno akufunsa za ulendo wa tsiku limodzi wa pa boti, uja mumakwera pamodzi ndi anthu ena n'kugawana mtengo. Tasankhapo asanu ndi limodzi.

Alangizi, ndife amayi 8 a gulu la banki mkhonde. Tikagawana ndalama mu December tikufuna tikaone nyanja ku Cape Maclear, tikakwereko ndi boti lomwe. Tipite chilumba chiti, nanga mtengo amawerengera bwanji? (Mayi wa ku Kawale, Lilongwe)

Amayi, mukaima pamchenga wa mudzi wa Chembe n'kuyang'ana kunyanja, chilumba cha miyala ikuluikulu ndi mitengo yothithikana chimene chili patsogolo panu ndi Thumbi West. Pa boti la injini ndi mphindi 10 kapena 15 basi. Kwa anthu amene sanakwerepo boti, chimenechi ndicho choyenera: mtunda umaoneka nthawi yonse, ndipo nyengo ikasintha mumabwerera msanga. Kudzanja lamanja kuli Domwe, chilumba chachikulu chimene chinalekana ndi mtunda pa kampata kotchedwa Ilala Gap. Mumbo ili kutali, makilomita pafupifupi 10, ulendo wa mphindi 45 mpaka ola lathunthu panyanja yopanda potsamira. Pa Domwe ndi Mumbo pali misasa ya alendo ogona, choncho musangotulukira. Woyendetsa boti ayambe wafunsa ngati mukuloledwa kutsikapo.

Mtengo umabwera m'njira ziwiri. Ena amatchula wa boti lonse, ena wa munthu aliyense. Inu muli 8, ndiye funsani wa boti lonse, mugawane nokha. Mukalipira pamutu pamutu, mwini boti amafuna kudzaza mipando yotsala, ndipo mudzakhala padzuwa kudikira anthu osawadziwa, nthawi yabwino ya m'mawa n'kumapita.

Ndewu zambiri za pagombe zimayamba chifukwa cha zinthu zimene sizinatchulidwe poyamba. Musanatulutse ndalama, mumvane ngati mtengowo ukuphatikiza petulo wopita ndi wobwerera, chakudya cha masana, magalasi oonera pansi pa madzi, ndiponso nsomba zoponyera nkhwazi. Mumvanenso maola amene mukakhale pachilumba, komanso ngati botilo likakudikireni kapena likakusiyani n'kubwerera kukatenga ena. Limeneli ndi funso lofunika kwambiri. Boti limene lakusiyani pa Thumbi likakapeza alendo olipira bwino kumtunda, lidzakukumbukirani dzuwa litapendeka.

Ndalama yolowera m'paki ndi yapadera. Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ndalamayo imapita ku nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo Amalawi amalipira yochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho nyamulani chiphaso cha unzika ndipo muitanitse lisiti. Za boti perekani theka ponyamuka, theka linalo mukaponda mchenga pobwerera. Munthu wokupezani pamsewu n'kunena kuti mum'patsiretu zonse dzulo lake akagulire petulo, mufunseni akuonetseni botilo ndi woliyendetsa kaye, kapena mudzere kwa eni malo amene mwagonapo, amene amawadziwa anyamata a pagombepo.

Ine sindidziwa kusambira ngakhale pang'ono. Ndingadziwe bwanji kuti boti limene ndikukwera ndi labwino? (Bambo wa ku Ndirande, Blantyre)

Bambo, kusadziwa kusambira sikukuletsani ulendowu, koma jekete loyandamitsa ndiye musakwere popanda. Werengani majekete musanakwere, anthu 12 akhale majekete 12, ndipo livalidwe pamchenga pomwepo. Boti likapendekeka palibe amene amapeza mpata wosolola jekete pansi pa mpando. Mukamanga malamba, mnzanu agwire m'mapewa mwa jeketelo n'kukokera m'mwamba. Likakwera mpaka m'makutu ndiye kuti lakula kapena simunamange bwino, ndipo m'madzi lidzakuvukani. Lothothoka malamba kapena lophwatalala chifukwa anthu akhala akulikhalira, likaneni. Mwana amafuna la msinkhu wake, lokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. La munthu wamkulu mwana amangopulumukamo.

Kenako yang'anani botilo anthu onse atakhala pansi. Kuchokera pamadzi kufika pamlomo wa boti pasachepere kutalika kwa rula ya kusukulu, masentimita 30. Zikachepera apo, funde laling'ono lomwe limalowa mkati. Maboti onyamula anthu amayenera kulembetsedwa ndi kuyesedwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, imene ili ndi ofesi ku Monkey Bay, ndipo woyendetsa ayenera kudziwa chiwerengero cha anthu amene boti lake limaloledwa kunyamula. Akayankha kuti "timakwana bwinobwino" osatchula nambala, chenjerani. Tsikani ngati akupitiriza kukweza anthu. Manyazi a mphindi imodzi pagombe ndi aang'ono.

Timadzi tochepa pansi pa boti la matabwa si vuto, amatikapa ndi chigubu chodula. Chodetsa nkhawa ndi pamene wothandizira akukapa osapuma boti lisananyamuke n'komwe. Muonenso kuti muli nkhafi zosachepera ziwiri, nangula ndi chingwe chake, ndi foni yokhala ndi moto.

Maboti ambiri sagubuduzika chifukwa cha mafunde okha. Nkhwazi ikatsika kapena wina akakuwa kuti waona ng'azi pamwala, anthu onse amathamangira mbali imodzi, boti n'kupendekeka. Khalani pamene akuikani, olemera thupi pakati, ndipo wosintha malo azitero mmodzimmodzi, atawerama. Zitavuta boti n'kugubuduzika, ligwiritsitseni, chifukwa la matabwa kawirikawiri limayandamabe ndipo opulumutsa amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu. Amayi avale kabudula kapena thalauza mkati, popeza chitenje chikanyowa chimakulunga miyendo.

Tikukonza ulendo wa ophunzira mu July, mayeso akatha. Ena akuti nthawi imeneyo nyanja imakalipa. N'zoona? (Mphunzitsi, Zomba)

N'zoona, aphunzitsi. Kuyambira May mpaka cha mu September kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ndipo June ndi July ndiye pachimake pake. Ukayamba umatha masiku awiri, atatu kapena kuposa. Chonyenga ku Cape Maclear n'chakuti mapiri ali kumbuyo kwa mudzi amatchinga mwera, ndiye pagombe madzi amaoneka bata. Boti likangotuluka m'chitetezo cha mapiriwo, kulowera ku Mumbo kapena kuseri kwa Domwe, mumakumana ndi mafunde amene simunawaone muli pamtunda. Mpoto, mphepo yochokera kumpoto imene imakonda miyezi yotentha ndi ya mvula, ndiyo imamenya gombe la Chembe mwachindunji. Nthawi ya dzinja vuto limakhala mvula ya mabingu yobwera mwadzidzidzi masana, ndipo pa boti lopanda denga mphezi ilibe pobisalira. Amayi a ku Kawale aja amve zimenezi.

Ndiye ulendo wa July ndi wotheka, koma ukhale wa Thumbi, ndipo muike masiku awiri kuti loyamba likakanika mupite lachiwiri. Nyamukani pakati pa 7 ndi 8 koloko m'mawa, mubwerere isanakwane 2 koloko. Nthambi ya zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera. Chenjezo limenelo likatuluka, ulendo uimitsidwe, ngakhale basi mwalipira kale. Yang'ananinso asodzi: ngati maboti awo onse akokeredwa pamchenga nthawi imene amayenera kukhala panyanja, musaumirize woyendetsa wanu. Madontho oyera a thovu akamaoneka patali pamwamba pa madzi ndiye kuti mphepo yakula kale. Dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 m'miyezi yozizira, ndipo maboti ambiri a alendo alibe nyali.

Ana musawakweze onse boti limodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Agaweni m'magulu, gulu lililonse likhale ndi wamkulu wake ndi pepala la maina, ndipo muwerenge kanayi: pokwera, potsika pachilumba, ponyamuka, ndi pofika.

Chaka chatha injini inatizimira pakati pa nyanja ndipo tinakhala ola lathunthu tikutengeka ndi mphepo. Chimachititsa n'chiyani, ndipo wokwera angaoneretu? (Wowerenga, Mzuzu)

Pepani achimwene, zimenezo zimaopsa. Kawirikawiri gwero lake ndi petulo. Maboti ambiri amayendera injini zopachika kumbuyo za mphamvu ya mahatchi (horsepower) 15, 25 kapena 40. Ya 15 ikamathamanga mwamphamvu imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, ya 40 imayandikira malita 20, ndipo boti lodzaza lolimbana ndi mphepo limamwa koposa limene linapita m'mawa madzi ali phee. Woyendetsa akagula wongokwanira ndendende, amathera panjira pobwerera. Lamulo la amalinyero ndi kugawa petulo patatu: gawo lopitira, gawo lobwererera, gawo lotsala. Kufunsa kuti muone thanki ndi chigubu chapadera si mwano.

Chachiwiri ndi petulo wa m'zigubu za pamsewu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala; injini imatsokomola, kenako n'kuzima. Injini zambiri zoterezi zimafuna petulo wosakaniza ndi oilo, nthawi zambiri gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 400 pa malita 20. Oilo akachuluka pulagi imada, akachepa injini imatentha n'kugwirana. Palinso kabowo kolowetsa mpweya pa chitsekero cha thanki: akaiwala kukamasula, injini imayenda mphindi zingapo n'kuzima ngati petulo watha pamene thanki ili yodzaza. Ukonde wotayika ukakulunga pulopela, kapena jumbo ikatseka polowera madzi oziziritsa injini, zotsatira zake n'zomwezo. Injini ikalira, kumbuyo kwake kuzituluka kamadzi kothamanga. Kakasiya, iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo.

Wokwera angathe kupempha kuti ailize boti lisanachoke pagombe, n'kufunsa ngati muli pulagi yapadera ndi sipanala yake. Siyaninso uthenga kumene mwagona wonena chilumba chimene mwapita ndi nthawi yobwerera, chifukwa kuseri kwa zilumba netiweki imasowa.

Ndamva kuti ukasamba ku Cape Maclear umatenga likodzo. Ndiye tingoonera madzi osalowamo? (Mtsikana wa ku koleji, Lilongwe)

Achemwali, likodzo kumeneko liliko ndithu. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, n'kutuluka, n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoviika miyendo. Chiopsezo n'chachikulu m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi ndiponso m'mabango. Kumiyala ya pachilumba, kumene madzi ndi akuya ndipo mafunde amamenya, n'chocheperapo, koma sichitheratu. Sambani pachilumba, mudzipukute mwamphamvu ndi thaulo mukangotuluka, ngakhale kuti kupukuta kokhako si chitetezo chokwanira.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa tsiku lomwe achoka kunyanja. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye amamwedwa pakatha milungu 6 mpaka 8. Mlingo umatengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kotero munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye. Pitani kuchipatala akakupimeni sikelo, makamaka ngati ndi mwana kapena mayi woyembekezera. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ambiri saona chizindikiro chilichonse kwa nthawi yaitali, ndipo kwa akazi matendawa amatha kuwononga njira ya chiberekero mwakachetechete. Ndipo musakodze m'nyanja, chifukwa ndi mmene mazira amabwererera kwa nkhono.

Tinyamule chiyani, nanga mwana wanga akufuna akabwereko ndi tinsomba ta mawangamawanga tija m'botolo. N'zololedwa? (Bambo wa ku Kasungu)

Ayi bambo, n'zoletsedwa. Tinsomba timeneto ndi mbuna, ndipo n'chifukwa cha ito pakiyi inakhazikitsidwa. Mitundu ina imapezeka pamiyala ya chilumba chimodzi chokha padziko lonse. Madzi onse a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi otetezedwa, palibe kuwedza kapena kugwira nsomba. Buledi amene ena amanyenyera m'madzi amaziitana zambiri, koma chakudya chawo chenicheni ndi ndere za pamiyala, ndipo ife sitilimbikitsa kuzidyetsa. Mwana akangoyandama phee pafupi ndi mwala atavala jekete, zimabwera zokha, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, mpaka kumujompha zala. Magalasi oonera pansi pa madzi ayeseni pamtunda: aikeni kumaso osakoleka lamba, mukoke mpweya ndi mphuno, akamamatira ndiye kuti salowa madzi. Kuti asachite nthunzi, pakani malovu mkati n'kutsukuluza.

Nkhwazi zimaoneka bwino m'mawa zikadali ndi njala. Woyendetsa amaliza likhweru, n'kuponya nsomba, ndipo mbalameyo imachoka pamtengo n'kudzaitola ndi zikhadabo boti lili pomwepo. Maboti atatu kapena anayi akadutsa kale, imangokuyang'anani.

Pa Thumbi palibe golosale, mpope kapena chimbudzi, choncho dzithandizeni musananyamuke. Munthu aliyense akhale ndi malita 2 a madzi akumwa, 3 ngati ndi October kapena November. Tengani chipewa chomanga pachibwano, malaya a manja aatali, nsapato zogwira pamwala woterera osati patapata, ndi jumbo yolimba yomangiramo foni ndi ndalama. Amene amachita chizungulire adye pang'ono m'mawa, akhale pakati pa boti kutali ndi utsi wa injini, aziyang'ana mapiri osati foni. Mankhwala oletsa kusanza amamwedwa ola limodzi musanakwere ndipo amagonetsa, ndiye wowamwayo asasambire yekha. Mowa usungeni mpaka mubwerere kumtunda.

Chakudya cha masana nthawi zambiri chimakhala nsima kapena mpunga ndi nsomba yootcha, chambo kapena kampango, yogula kwa asodzi m'mawa. Ioneni isanaphikidwe: maso akhale owala, makha ofiira, mnofu wolimba ukaudina. Moto uzimitsidwe ndi madzi musanachoke, chifukwa m'chilimwe udzu ndi masamba a pachilumba amakhala ouma gwa, ndipo mabotolo ndi majumbo onse abwerere m'boti momwe anabwerera.